Chikomekome cha monita: zoyenera kudziwa pogula kompyuta ya Linux mu Tete

TETE — Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft ya ku America idaleka kusamalira Windows 10, pulogalamu yaikulu imene idayendetsa makompyuta ambiri a m'maofesi ndi m'masukulu kwa zaka khumi. Amene adalembetsa mwapadera adawonjezeredwa kanthawi, koma ena onse adauzidwa kuti asamukire ku Windows 11, imene imakana makompyuta ambiri opangidwa chaka cha 2018 chisanafike.

Nkhaniyi ikumveka ngati ya kutali, komabe ikukhudza anthu a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi Zóbuè, chifukwa makompyuta amene mphunzitsi, mlembi wa mpingo kapena mnyamata wa baraka yojambulitsa zikalata angakwanitse kugula ndi omwewo akalewo, a kaunjika, amene kuno ena amangoti a kalamidade. Ambiri mwa makina amenewa akadali amphamvu, ndipo njira imodzi yowapatsira moyo wina ndiyo kuwaikira Linux, pulogalamu yaikulu yaulere imene aliyense aloledwa kuikopera ndi kugawira mnzake popanda kuphwanya lamulo.

Koma pali zinthu ziwiri zimene zimagwetsa ogula ambiri. Choyamba ndi khadi la zithunzi, limene m'masitolo a mu Tete amalitchula kuti placa gráfica. Chachiwiri ndi monita, galasi lija loonerapo. Munthu wochokera ku Ulongue amayenda makilomita oposa 200 kuti afike mu mzinda uno, ndipo akakazindikira ali kwawo kuti galasi langoti bii, ndalama ya chapa yobwererera imamupweteka kuposa mtengo wa chingwe chimene chikadathetsa vutolo.

Linux idachokera kuti

Linux idayamba mu 1991 pamene Linus Torvalds, wophunzira wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, adalemba chiyambi chake nachipereka poyera kuti ena athandize kuchikonza. Kuyambira pamenepo anthu zikwizikwi m'maiko ambiri akhala akuwonjezerapo nzeru zawo, ndipo lero pali mitundu yambiri ya Linux monga Debian, Linux Mint ndi Ubuntu. Ubuntu idatuluka koyamba mu Okutobala 2004, ndipo adaiyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzinalo ndi liwu la Chizulu ndi Chixhosa lofanana ndi umunthu m'chinenero chathu.

M'dziko muno ntchito yofikitsa makompyuta kwa anthu akumidzi si yachilendo. Nthambi ya makompyuta ya pa yunivesite ya Eduardo Mondlane, yotchedwa CIUEM, idatsegula malo oyamba oti anthu wamba azigwiritsako makompyuta ku Manhiça ndi ku Namaacha mu 1999, ndipo pambuyo pake boma mothandizana ndi UNESCO lidafalitsa m'maboma malo otchedwa CMC, amene amaphatikiza wayilesi ya m'dera ndi chipinda cha makompyuta. Malo otere, pamodzi ndi masukulu ndi mabaraka, ndiwo amafuna makina otchipa, osadya magetsi ambiri, ndiponso osavuta kukonza.

Ntchito zambiri za kumudzi Linux imazikwanitsa. Pulogalamu ya LibreOffice imalemba makalata, ma requerimento ndi mndandanda wa malikisi a ana asukulu, ndipo imalankhula Chipwitikizi. Audacity imadula ndi kulumikiza mawu a pa wayilesi, pomwe Kdenlive imakonza mavidiyo a ukwati ndi a kwaya. Zonsezi n'zaulere.

Khadi lifuna womasulira

Khadi la zithunzi ndicho chiwalo chimene chimasandutsa ntchito ya kompyuta kukhala zithunzi ndi zilembo zooneka pagalasi. Khadilo lili ndi chinenero chake, Linux nayo ili ndi chake, choncho pakati pawo pamafunika kapulogalamu kotchedwa dalaivala. Ntchito ya dalaivala ili ngati ya womasulira pabwalo la milandu, pamene woweruza akulankhula Chipwitikizi ndipo mboni ikudziwa Chinyanja chokha. Womasulira akasowa, mlandu umaima. Akakhala wosadziwa bwino ntchito, mawu amafika opotoka. Ndi mmenenso zimakhalira pakompyuta: zilembo zimakula monyanya, vidiyo imadumphadumpha, kapena galasi limangoda.

Makampani akuluakulu opanga tizipangizo ta zithunzi za makompyuta ndi atatu: Intel, AMD ndi Nvidia. Onse ndi a ku America, koma khalidwe lawo kwa Linux lakhala losiyana.

Intel yakhala ikulemba madalaivala ake poyera kwa zaka zambiri, ndipo amabwera ali kale m'kati mwa Linux. AMD, imene idagula kampani ya ATI mu 2006, idayamba kuulula zinsinsi za makhadi ake a Radeon mu 2007, ndipo mu 2015 idatulutsa dalaivala wapoyera wotchedwa amdgpu, amenenso amabwera m'kati mwa Linux. Tanthauzo lake n'lakuti munthu akaika Linux pa kompyuta ya Intel kapena AMD, zithunzi zimangoyamba kugwira ntchito, popanda kufuna intaneti.

Nvidia ndiyo idatenga njira ina. Kwa zaka zambiri dalaivala wake adali wachinsinsi, wofunika kumukoka payekha pa intaneti, ndipo mu 2012 Torvalds mwiniwake adaidzudzula kampaniyo pagulu ku yunivesite ya Aalto chifukwa chovuta kugwira nayo ntchito. Anthu ongodzipereka adalemba dalaivala wina wotchedwa nouveau pochita kufufuza okha mmene makhadiwo amagwirira ntchito, koma pa makhadi ambiri satulutsa liwiro lonse. Mu Meyi 2022 Nvidia idatsegula mbali ina ya dalaivala wake, koma idachitira makhadi okhawo a kuyambira 2018, monga a GTX 16 ndi RTX 20 kupita mtsogolo.

Apa ndi pamene pali msampha kwa wogula wa kaunjika. Makhadi otchipa a Nvidia amene amapezeka kwambiri ndi akale, monga GeForce 210, GT 710 ndi GT 730, ndipo kampaniyo idaleka kale kuwalembera madalaivala atsopano. Mu 2025 idalengezanso kuti mndandanda wa dalaivala wa nambala 580 ndiwo womaliza kwa makhadi a GTX 900 ndi GTX 10. Khadi lotere likhoza kugwira ntchito lero, koma tsiku lokweza Linux kupita ku mtundu watsopano, womasulira wake akhoza kusapezeka. Ngakhale pa makhadi atsopano amene amayenda bwino, dalaivala wa Nvidia amalemera mamega mazana angapo, chinthu chosapepuka kumudzi kumene netiweki imagwira munthu atakwera pachulu.

Ambiri safunika khadi lapadera

Wogulitsa akhoza kunena kuti kompyuta yopanda khadi lapadera ndi yopereweza, koma pa ntchito za kalata, za sukulu, za wayilesi ndi zoonera mafilimu zimenezi si zoona. Kuyambira cha m'ma 2010 mapurosesa ambiri a Intel, monga Core i3, i5 ndi i7, amakhala ndi gawo la zithunzi m'kati mwake momwemo. Makompyuta akale a m'maofesi, monga Dell OptiPlex, HP EliteDesk ndi Lenovo ThinkCentre, amadalira gawo lomwelo, ndipo ndiwo amayenda ndi Linux mosavuta kuposa ena onse. Ndalama imene ikadapita ku khadi ndi bwino kugulira memori yofika magigabaiti 8, kapena disiki ya SSD, imene imafulumizitsa kompyuta yakale moonekeratu.

Pali zochenjera nazo ziwiri zokha. Purosesa ya Intel imene nambala yake imathera ndi chilembo F, monga i5-9400F, ilibe gawo la zithunzi, ndipo ma Ryzen ambiri akale a AMD a makompyuta a patebulo alibenso pokhapokha nambala yake ikathera ndi G. Makina otere sangaonetse kanthu popanda khadi lapadera. Chinanso, timalaputopu tina tating'ono ta purosesa ya Atom, ta zaka za pakati pa 2008 ndi 2012, tili ndi gawo la zithunzi la GMA 500 kapena GMA 3600 limene silidagwirizanepo bwino ndi Linux.

Amene khadi lapadera amalifunadi ndi okonza mavidiyo aatali, ojambula mapulani a nyumba, ndi eni mabaraka a masewera a pakompyuta. Kwa amenewa khadi la AMD Radeon ndilo losavutitsa. RX 550 ya mu 2017 imadya mawati pafupifupi 50 ndipo imakhuta ndi magetsi a pamalo pomwe yalowetsedwa, amene malire ake ndi mawati 75. RX 580 ndi yamphamvu kwambiri, koma imafuna mawati 185 ndi chingwe chake chapadera cha magetsi, chimene makompyuta ang'onoang'ono a m'maofesi alibe. Kabokosi kopereka magetsi m'makina amenewa nthawi zambiri sikapitirira mawati 250, ndipo kukaumiriza kunyamula khadi lalikulu n'kusenzetsa bulu katundu wa ngolo ya ng'ombe. Bokosi lopyapyala limafunanso khadi lalifupi, apo ayi chivindikiro sichitsekeka.

Makhadi achinyengo aliponso. Ena amatenga khadi lakalekale nalilemba dzina la latsopano. Chizindikiro chimodzi chodziwika ndi ichi: khadi lolembedwa GTX 1050 kapena GTX 1060 koma lili ndi bowo la buluu la VGA ndi lokayikitsa, chifukwa enieni a mtundu umenewo sabwera ndi bowo limenelo.

Monita imadya ndalama mwezi uliwonse

Mtengo wa monita suthera m'sitolo. Chigawo cha Tete ndicho chili ndi damu la Cahora Bassa, limene lidabwerera m'manja mwa Mozambique mu 2007 ndipo limatha kupanga mamegawati 2,075, koma midzi yambiri ya kutali ndi msewu imadalirabe sola ndi batire, ndipo amene ali ndi magetsi a EDM amagula Credelec ndi ndalama ya m'thumba.

Monita yakale ya chimimba kumbuyo, yonga TV ya makedzana, imadya mawati apakati pa 70 ndi 100. Monita yopyapyala ya LED ya mainchesi 19 mpaka 22 imadya pafupifupi mawati 20. Masamu ake ndi awa: ya chimimba ya mawati 90 ikayaka maola 8 pa tsiku kwa masiku 26, imatha mayunitsi pafupifupi 19, pomwe ya LED imatha mayunitsi 4 okha. Kwa wa sola kusiyanaku n'kokulirapo. Batire ya mavoti 12 yolembedwa 100 Ah imasunga mphamvu yoposa pang'ono yunitsi imodzi, ndipo kuti ikhalitse siyenera kutsitsidwa kupitirira theka. Monita ya chimimba payokha imamaliza thekalo maola 7 asanakwane, kompyuta yeniyeniyo isanawerengedwe. Choncho monita yopatsidwa ulere ikhoza kukhala yodula kuposa yogula.

Monita za chimimba zili ndi vuto linanso. Galasi lake lili ndi mtovu, ndipo m'kati mwake mumatsalira magetsi oopsa ngakhale itazimitsidwa. Siyenera kutsegulidwa ndi munthu wosaphunzira ntchitoyo, kapena kuphwanyidwa pamene ana amasewera.

Pakati pa zopyapyala palinso kusiyana. Zoyambirira za LCD zimawala ndi timachubu tonga ta nyale za m'ofesi, ndipo zimatentha ndi kudya magetsi ambiri kuposa za LED. Chikwangwani cha kumbuyo chimanena chaka chopangidwa ndi mphamvu imene monitayo imafuna. Zina zili ndi kabokosi ka magetsi kakunja ka mavoti 12 kapena 19, ndipo kabokosiko kakapsa kamasinthidwa mosavuta osataya monita yonse.

Nambala ina yofunika ndi ya timadontho topanga chithunzi. Monita ya 1366 x 768 imakwana pa kalata ndi mafilimu. Ya 1920 x 1080 imalola masamba awiri kuoneka pambali ndi pambali, zimene zimathandiza mlembi ndi wokonza vidiyo. Monita za 4K n'zokongola, koma makompyuta ambiri akale sangathe kuziyendetsa mokwanira. TV ya bowo la HDMI ikhoza kugwira ntchito ya monita, kungoti zina zimadula m'mphepete mwa chithunzi ndipo zilembo zing'onozing'ono zimatopetsa maso.

Mabowo ndi zingwe

M'zaka za m'ma 1990 woika Linux ankayenera kulemba yekha manambala a liwiro la monita yake, ndipo akalakwitsa ankatha kuiwononga. Lero monita imadziuza yokha kwa kompyuta kudzera m'chingwe, kunena dzina lake ndi kukula kwa chithunzi chimene imatha. Uthenga umenewu umatchedwa EDID. Chingwe cha VGA chotchipa, kapena chothyoka timano, chimatha kutaya uthengawo, ndipo kompyuta imangosankha chithunzi chaching'ono cha 1024 x 768 chotambasuka moipa. Ambiri amaimba mlandu Linux pamene wolakwa ndi chingwe.

Mabowo odziwika ndi anayi. VGA, ya buluu ya timano 15, idayamba mu 1987. DVI, yoyera ndi yotambalala, idabwera mu 1999. HDMI ndi ija ya pa TV ndi dikoda. DisplayPort imafanana ndi HDMI koma ngodya yake imodzi yokha ndiyo yodulidwa, ndipo ziwirizi sizilowana. Makompyuta ambiri akale a m'maofesi ali ndi VGA ndi DisplayPort, alibe HDMI. Wogula ayenera kutembenuza kompyuta ndi monita, kuona kumbuyo kwa zonse ziwiri, ndi kutsimikiza kuti pali bowo limodzi lofanana. Ngati palibe, pamafunika kolumikizira, ndipo tambiri mwa timeneti timagwira mbali imodzi yokha: kochotsa HDMI kupita ku VGA sikagwira ntchito mobwerera.

Anthu a m'malire amagulanso katundu ku Dedza, Lilongwe, Mwanza ndi Blantyre. Pulagi ya ku Malawi ili ndi mano atatu amakona, ya ku South Africa ili ndi mano atatu aakulu ozungulira, pomwe nyumba zambiri za kuno zili ndi ya mano awiri ozungulira. Mphamvu ya magetsi njofanana, mavoti 220 mpaka 230, choncho kusintha chingwe kumakwanira. Choopsa ndi makompyuta ena akale ochokera ku America, amene kumbuyo ali ndi kabatani kofiira ka 115 ndi 230. Kakasiyidwa pa 115, kabokosi ka magetsi kamapsa nthawi yomweyo.

Kutentha ndi fumbi

Mzinda wa Tete umadziwika ndi kutentha, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Khadi lalikulu la zithunzi ndi mbaula yaing'ono m'kati mwa bokosi, ndipo moyo wake uli pa fani. Fumbi la chilimwe, kuphatikizapo la malasha kwa okhala kufupi ndi migodi ya Moatize, limatseka fani ndi timipata ta mpweya, ndipo khadi likatenthedwa limachepetsa liwiro kapena kuzimitsa kompyuta. Kumapiri a Angónia ndi Tsangano kumazizira, koma fumbi ndi utsi wa kukhitchini ziliko, pamodzi ndi ziphaliwali za nthawi ya dzinja. Kompyuta iyenera kukhala patebulo osati pansi, kupukutidwa m'kati kawirikawiri itazimitsidwa, ndi kuzulidwa kukhoma mvula ya mabingu ikayamba. Kumene magetsi amakwera ndi kutsika, estabilizador imateteza monita ndi kompyuta pamodzi.

Kuyesa ndalama isanatuluke

Ubwino waukulu wa Linux kwa wogula ndi wakuti imatha kuyaka kuchokera pa fulashi popanda kufafaniza chilichonse m'kompyuta ya wogulitsa. Fulashi ya magigabaiti 8 imakwana, ndipo amisiri a makompyuta mu mzinda uno, kapena ophunzira a pa Instituto Superior Politécnico de Tete amene amadziwa Linux, akhoza kuikonza m'kanthawi kochepa. Ubuntu imatulutsa mtundu wokhalitsa mwezi wa Epulo pa zaka ziwiri zilizonse, monga mu 2022 ndi 2024, ndipo uliwonse umasamalidwa kwa zaka zisanu. Pa makina ofooka, Xubuntu, Lubuntu kapena Linux Mint ya Xfce ndizo zopepuka.

Wogula apemphe kuti kompyuta ndi monita zimene akufunazo zilumikizidwe ndi chingwe chomwe adzapite nacho, kenako ayatse ndi fulashi yake. Aone ngati chithunzi chadzaza galasi lonse ndiponso ngati nambala ya timadontho ikufanana ndi ya monitayo. Aseweretse vidiyo kwa mphindi khumi kapena kupitirira, akumvetsera fani ndi kugwira bokosi kuti amve kutentha. Atsegule tsamba loyera, kenako lakuda, kuti aone timadontho takufa, mizere, kapena chikasu cha m'mphepete chimene chimasonyeza kuti nyale za monita zatopa. Agwedezenso chingwe pang'ono, chifukwa bowo lotha limaonekera pamenepo.

Wogulitsa wokana kuyesa kotere wapereka kale yankho, pakuti akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zonse zikayenda bwino, wogula atenge factura yolembedwa dzina ndi nambala ya kompyuta, ya monita ndi ya khadi, pamodzi ndi masiku a garantiya amene agwirizana. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, la nambala 22/2009, koma munthu wopanda pepala m'manja amavutika kuti dandaulo lake limveke.

Pokwera chapa, monita ikulungidwe m'bulangete ndi kukhala pamiyendo, galasi litayang'ana kwa mwini wake, osati padenga pamodzi ndi matumba a feteleza. Fulashi ija isungidwe bwino, chifukwa ndiyo idzadzutse kompyutayo tsiku limene idzakane kuyaka, ndipo ndi yomweyonso imene mphunzitsi wa sukulu yoyandikana nayo angabwereke akamapita ku Tete kukagula yake.